Pulani Patsogolo, Makina Pambuyo

Nkhani ya pa wailesi yofotokoza za kamangidwe ka mabungwe ndi malo a makina a kompyuta m'maofesi, yosindikizidwa pano kuti omvera aiwerenge modekha.

Mayi wa ku Kandeu m'boma la Ntcheu akafuna kupita ku chipatala kapena ku ofesi ya Boma, amayamba wamasula kathumba ka pulasitiki momwe amasungamo mapepala ake. M'menemo muli chiphaso cha unzika, buku lake la kuchipatala ndi la mwana, ndiponso kapepala kolembapo nambala ya lamya. Dzina lake lili m'kaundula wa anyakwawa, mwa mlangizi wa zaulimi, mwa mlangizi wa zaumoyo, ndi mwa aphunzitsi aakulu a pa sukulu ya mwana wake. Munthuyo ndi mmodzi, koma walembedwa kanayi kapena kasanu, ndi alembi osiyana, pa masiku osiyana. Kwina analembedwa ndi dzina la bambo ake, kwina ndi chiwongo chake monga amaitanirana Angoni, ndipo kwina mlembi anaphonya chilembo chimodzi.

Tsiku limene makaundulawo adzafunika kugwirizana, mayiyu angathe kuuzidwa kuti dzina lake silikupezeka. Ndiye kuti wayenda mtunda wonsewo pachabe, ndipo mwina feteleza wa chaka chimenecho wamudutsa. Zikatere ena amaloza chala kalaliki, ena amatukwana kompyuta. Komatu kawirikawiri vuto limakhala litayambira kutali, pa tsiku limene ofesi iliyonse inadzipangira kaundula wake ndi kudzigulira makina ake osafunsa inzake.

Ntchito yopewa chisokonezo chotere ili ndi dzina lake. M'Chingerezi imatchedwa enterprise architecture, ndipo m'Chichewa ingatchedwe kujambula pulani ya bungwe lonse. Mawu akuti bungwe pano akuimira kampani, banki, unduna wa Boma, khonsolo ngati ya Ntcheu, ngakhalenso kopaletivi ya alimi.

CHIYAMBI CHAKE

Munthu wofuna nyumba ya njerwa sayamba ndi kugula malata. Amayamba wakhala pansi ndi mmisiri nkumuuza kukula kwa banja lake, zipinda zimene akufuna, kumene khomo liyang'ane, ndi ndalama zimene ali nazo. Mmisiri amajambula, ndipo chojambulacho ndicho chimauza woumba njerwa kuchuluka kwa njerwa, kalipentala kutalika kwa phaso, ndi wokhoma malata kuchuluka kwa malata. Wogula malata asanajambule amadzapeza kuti aperewera, kapena kuti ndi aafupi.

Mu 1987 katswiri wina wa kampani ya IBM ku America, dzina lake John Zachman, anasindikiza nkhani yonena kuti makampani akulakwitsa chimodzimodzi pogula makompyuta. Iye anaona kuti omanga nyumba ndi opanga ndege amakhala ndi zojambula zingapo za chinthu chimodzi: cha mwini wake, cha wojambula, ndi cha womanga. Anati bungwe nalonso liyenera kujambulidwa motero. Poyamba anaika mafunso atatu akuti chiyani, motani, ndi kuti. Mu 1992, mothandizana ndi John Sowa, anawonjezerapo akuti ndani, liti, ndi chifukwa chiyani. Mafunso asanu ndi limodzi amenewa ndi omwe mfumu imafunsa pa bwalo la milandu, ndipo palibe lachilendo mwa iwo. Chatsopano chinali kuwafunsa makina asanagulidwe, ndi kulemba mayankho ake pamalo amodzi.

Mu 1995 bungwe limene lero likutchedwa The Open Group linatulutsa ndondomeko yotchedwa TOGAF, imene akatswiri ambiri a ntchitoyi amaphunzira mpaka pano. Chaka chotsatira, mu 1996, nyumba ya malamulo ya ku America inakhazikitsa lamulo lotchedwa Clinger-Cohen, lolamula kuti maunduna a boma la dzikolo akhale ndi mkulu woyang'anira za makompyuta ndiponso pulani yolembedwa ya momwe makinawo agwirizanirana. Anachita izi ataona ndalama zambiri zikuthera pa makina osamvana.

MIZERE INAYI YA NJERWA

Ndondomeko ya TOGAF imagawa pulani ya bungwe m'magawo anayi, ndipo gawo lililonse limakhala pamwamba pa linzake monga mizere ya njerwa.

Gawo loyamba ndi la cholinga ndi ntchito za bungwe. Apa ndi pamene bungwe limanena chimene lilipo kuti lichite, amene likuwatumikira, ndi njira imene lasankha. Dziko la Malawi linalemba masomphenya ake m'chikalata cha Malawi 2063, chimene chinakhazikitsidwa mu January 2021, ndipo nsanamira zake ndi zitatu: ulimi wopindulitsa ndi wa malonda, mafakitale, ndi kukula kwa matauni. Pa khonsolo, kuchokera pamene lamulo la maboma aang'ono linakhazikitsidwa mu 1998, zofuna za anthu zimayambira m'makomiti a chitukuko a m'midzi otchedwa VDC, nkukwera kupita ku ma ADC a kwa mafumu aakulu, mpaka kukalowa m'pulani ya chitukuko ya boma lonse. Makina aliwonse ogulidwa ndi khonsolo ayenera kuloza mzere wina wa m'pulani imeneyo. Makina osatha kuloza mzere wake ali ngati khasu logulidwa ndi munthu wopanda munda.

Gawo lachiwiri ndi la zolembedwa: maina a anthu, midzi, minda, mankhwala, ndalama. Funso lalikulu apa ndi lakuti kaundula weniweni wa chinthu chilichonse ndi uti, ndipo amasunga ndani. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'boma la Ntcheu muli anthu oposa 650,000. Ngati ofesi ya zaulimi, ya zaumoyo ndi ya chisamaliro cha anthu iliyonse ili ndi mndandanda wakewake wa midzi, wina nkulemba mudzi umodzi ndi maina awiri, palibe amene angadziwe ngati thandizo lafika kwa onse kapena labwerezedwa kwa omwewo. Nchifukwa chake Boma linayambitsa kaundula mmodzi wa mabanja wotchedwa UBR, kuti ntchito ya Mtukula Pakhomo, imene inayambira ku Mchinji mu 2006, ndi ntchito zina zothandiza ovutika, zizitunga maina pa chitsime chimodzi.

Gawo lachitatu ndi la mapulogalamu a kompyuta, ndiko kuti zida zogwiritsa ntchito zolembedwazo. Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa malipoti a zipatala kudzera m'pulogalamu ya DHIS2, yopangidwa ku yunivesite ya Oslo m'dziko la Norway. Ndalama za Boma zimayendetsedwa ndi pulogalamu ya IFMIS. Wojambula pulani amafunsa kuti mapulogalamu alipo angati, ndi ati akuchita ntchito imodzi kawiri, ndipo ndi ati amene ayenera kupatsirana nkhani koma sapatsirana.

Gawo lachinayi ndi la makina enieniwo: makompyuta, malamya a m'manja, nthambo, netiweki ndi magetsi. Ili ndilo gawo limene anthu amaliona ndi maso, ndipo ndilo limene limajambulidwa zithunzi pa tsiku lolandira mphatso. Komabe pa pulani limabwera pomaliza, chifukwa mtundu wa makina umadalira zitatu zoyambazo. Pulogalamu yoyenda bwino mu ofesi ya ku Lilongwe ingathe kukanika kumapiri a ku Tsangano kapena kuchigwa cha Bwanje ngati wojambula sanafunse za netiweki ndi magetsi a kumeneko.

Anthu a ku Ntcheu ndi ku Balaka akudziwa bwino tanthauzo la kuyang'ana chinthu chonse pamodzi. Madzi a m'mipopi ya Mpira-Balaka amachokera ku damu la Mpira, nkutsika okha m'mapaipi kukafika m'midzi yakutali. Pamene damulo linaphwa mu 2018, mipopi ya m'midzi inali ilipo ndipo mapaipi anali m'malo mwake, koma madzi sanatuluke. Wokonza mpopi sakanatha kuthetsa vuto limenelo, chifukwa gwero lake linali kumtunda, ku mvula ndi ku nkhalango yosunga madziwo. Bungwe nalonso lili ndi kumtunda kwake.

PAMENE PULANI INATSOGOLA

Chitsanzo chabwino m'dziko muno ndi chiphaso cha unzika. Lamulo lake linakhazikitsidwa mu 2010, ndipo mu 2017 bungwe la National Registration Bureau, mothandizidwa ndi UNDP, linalemba anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 kapena kuposerapo m'miyezi isanu ndi umodzi. Olembawo anayenda ndi makina otenga mphamvu ku dzuwa, chifukwa okonza ntchitoyo anadziwiratu kuti midzi yambiri ilibe magetsi. Phindu la chiphasochi linaoneka pambuyo pake. Nambala imodziyo inagwira ntchito polembetsa manambala a lamya mu 2018, polembetsa ovota a chisankho cha 2019, potsegula mabuku ku banki, ndi pogula feteleza wotsika mtengo pamene pulogalamu ya AIP inayamba mu 2020. Maziko anakumbidwa kamodzi, ndipo nyumba zingapo zinamangidwa pamenepo.

Chitsanzo china ndi cha mabanki. Kale khadi la banki ina silinkagwira ntchito mosavuta pa makina otapira ndalama a banki ina, popeza banki iliyonse inali ndi njira yakeyake. Mu 2015 mabanki anakhazikitsa njira imodzi yolumikizirana yotchedwa National Switch. Pambuyo pake Airtel Money, imene inayamba mu 2012, ndi TNM Mpamba, imene inayamba mu 2013, nazo zinalumikizidwa. Lero wogulitsa mbatata ya kachewere ndi kabichi pa msika wa Lizulu angathe kulandira ndalama pa lamya kuchokera kwa wogula wa ku Blantyre ngakhale awiriwo asali pa kampani imodzi. Palibe banki imene ikanatha kuchita izi payokha, pakuti mutu umodzi susenza denga.

PAMENE MAKINA ANATSOGOLA

Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Boma linayamba kugwiritsa ntchito pulogalamu ya IFMIS ya mtundu wa Epicor mu 2005, ndi cholinga chabwino chakuti ndalama za anthu ziziyenda moonekera. Mu September 2013 kunadziwika kuti ndalama zambiri zakhala zikubedwa ku Capital Hill, nkhani imene inatchuka ndi dzina lakuti Cashgate. Kampani ya ku Britain yofufuza za chuma ya Baker Tilly inapeza kuti ndalama zokwana pafupifupi K13 biliyoni zinasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira April mpaka September 2013. Akubawo ankalowetsa malipiro m'kompyuta, macheke nkutuluka kupita ku makampani amene sanagulitse kanthu ku Boma, kenaka nkufufuta zolembedwazo kuti pasatsale phazi. Maiko othandiza anaimitsa thandizo lawo la ku bajeti, ndipo ululu wake unakafika mpaka ku zipatala ndi ku masukulu a m'midzi.

Nkhani imeneyi ili ndi phunziro la pulani. Kompyuta inachita zimene inauzidwa. Mafunso amene sanayankhidwe mokwanira anali a Zachman aja: ndani ali ndi chilolezo cholowetsa malipiro, ndani wina wovomereza, ndani angathe kufufuta, ndipo ndi liti pamene zolembedwa za m'kompyuta zimayerekezedwa ndi ndalama zotuluka ku banki yaikulu. Munthu mmodzi akakhala ndi kiyi wa nkhokwe ndiponso buku lowerengera matumba, chimanga chingathe popanda wodziwa. Kuyambira mu 2020 Boma linayamba kusamukira ku IFMIS yatsopano ya mtundu wa SAP, koma pulogalamu yatsopano imateteza chuma pokhapokha ngati mafunso amenewa ayankhidwa ndipo mayankho ake akutsatidwa.

Alimi akukumbukiranso chaka choyamba cha AIP mu 2020. Kugwiritsa ntchito chiphaso cha unzika m'malo mwa makuponi kunali nzeru yabwino, koma ogulitsa ankafunika netiweki kuti atsimikize dzina la mlimi aliyense. M'malo ambiri netiweki inkavuta, ndipo anthu anakhala pa mizere masiku angapo mvula itayandikira. Magawo atatu anali m'malo mwake, lachinayi nkulephera kusenza katundu. Kumayambiriro kwa 2024 nakonso ntchito yosindikiza mapasipoti inaima kwa milungu ingapo makina ake atasokonezeka, ndipo Amalawi ofuna kupita kunja ku sukulu, ku chipatala ndi ku malonda anasowa pogwira. Pulani yabwino imafunsiratu kuti makina akaima ntchito idzayenda motani, ndiponso kuti kiyi wa makinawo ali m'manja mwa mwini wake kapena mwa wogulitsa.

NDANI ACHITA CHIYANI

Pa ntchito yomanga nyumba pamakhala mwini nyumba, wojambula, omanga, ndi odzakhalamo. M'bungwe nawo maudindo amagawika chimodzimodzi, ndipo chisokonezo chimayamba wina akalowa m'munda wa mnzake.

Atsogoleri ndiwo eni nyumba. Pa kampani ndi akuluakulu a bodi ndi mkulu woyendetsa ntchito. Pa khonsolo ndi makhansala ndi bwanamkubwa. Iwo ndiwo amasankha kolowera ndi kugawa ndalama. Mtsogoleri wonena kuti za makompyuta sizimukhudza, nkuzisiya zonse m'manja mwa mnyamata wodziwa makina, wapereka chiwongolero cha bungwe osadziwa, chifukwa masiku ano momwe makina akonzedwera ndi momwenso ntchito idzayendere.

Mmisiri wa pulani amaima pakati. Ntchito yake ndi kumva chilankhulo cha atsogoleri ndi cha akatswiri a makina, nkumasulira uku ndi uku. Amajambula momwe bungwe lilili lero, momwe liyenera kudzakhalira, ndi masitepe ochokera apa kukafika apo. Amaikanso malamulo ochepa oti onse atsate, monga lakuti munthu aliyense azidziwika ndi nambala ya chiphaso chake m'makaundula onse. Ntchitoyi ndi yovuta chifukwa kawirikawiri mmisiriyu sasunga thumba la ndalama, komabe ayenera kunena kuti ayi. Bungwe lothandiza likabwera ndi malamya atsopano ndi pulogalamu yakeyake, kukana kumaoneka ngati mwano. Koma mlangizi wa zaumoyo amene wapatsidwa mapulogalamu atatu ndi mabungwe atatu amalemba mwana mmodzi katatu, ndipo nthawi yoyendera midzi imathera pa kulemba.

Omanga ndi olemba mapulogalamu, osamalira netiweki, osunga makaundula a m'kompyuta ndi oteteza makina kwa akuba. M'makhonsolo muli ofesala woona za makompyuta, ndipo nthawi zambiri amakumbukiridwa makina osindikizira akafa. Munthu ameneyu akamaitanidwa ku misonkhano yokonza mapulani, zolakwa zambiri zimagwidwa ndalama zisanatuluke.

Odzakhala m'nyumbamo ndi kalaliki wa pa chipatala, mlangizi wa ku Nsipe kapena ku Manjawira, mphunzitsi wamkulu, ndi mayi wa ku Kandeu uja. Iwo ndiwo amadziwa pamene denga likudontha. Safunsa anadya phula, ndipo wojambula wosafunsa anthu amenewa amajambula nyumba ya m'maloto.

Palinso ngozi ya mbali inayo. Mabungwe ena kunja kuno anathera zaka akujambula, mabuku a pulani nkunenepa, ntchito osayamba, mpaka zojambulazo zinakalamba zili pa shelefu. Pulani yothandiza ndi yaifupi, yomveka kwa amene akuigwiritsa ntchito, ndipo imakonzedwanso zinthu zikasintha. Boma la Malawi lili ndi nthambi yoona za makompyuta m'maunduna onse yotchedwa E-Government, ndipo kudzera m'ntchito ya Digital Malawi, imene inayamba mu 2017 ndi ndalama za World Bank, lakhala likuyesetsa kulumikiza maofesi ake. Muyeso wa ntchito yonseyi udzakhala kuchepa kwa maulendo amene munthu wamba amayenda kuti athandizidwe.

KWA MAGULU AANG'ONO

Nzeru imeneyi siyofunika ku Capital Hill kokha. Kopaletivi ya alimi a mbatata ku Tsangano, banki mkhonde ya amayi ku Bilira, kapena sukulu ya mpingo, zonse zimafika pa tsiku limene wina amati tigule kompyuta. Komiti yanzeru imayamba yakambirana vuto limene ikufuna kuthetsa, kaya ndi kusowa kwa ndalama za mamembala, kaya ndi kusadziwa matumba amene alowa m'nyumba yosungiramo. Kenaka imagwirizana za buku limodzi loona, wolembamo, ndi munthu wina wosiyana woliyendera. Imafunsanso za magetsi, za wokonza makinawo akafa, ndi za malo ena osungirako zolembedwazo kuti lamya ikabedwa zonse zisapite nayo. Nthawi zina mayankho amaonetsa kuti buku la chikuto cholimba ndi mlembi wokhulupirika nzokwanira kwa chaka china kapena ziwiri, ndipo ndalamazo zimapulumuka.

Magulu onse osunga maina a anthu ayeneranso kudziwa kuti mu 2024 dziko lino linakhazikitsa lamulo loteteza mbiri za anthu, ndipo bungwe la MACRA ndilo linapatsidwa udindo woliyang'anira. Dzina, nambala ya chiphaso ndi matenda a munthu ndi katundu wake, ndipo wosunga ali ngati wosungitsidwa mbuzi ya mnzake. Pulani iyenera kunena amene aloledwa kuona zinthu zimenezi ndi amene saloledwa.

Tsono omvera amene ali m'makomiti a VDC ndi ADC, makhansala, mafumu ndi atsogoleri a magulu, akadzamva kuti kwabwera makina atsopano kapena kalembera wina watsopano m'dera lawo, ali ndi ufulu wofunsa mwaulemu mafunso atatu. Makinawa athetsa vuto liti la m'pulani ya chitukuko? Maina akulembedwawa agwirizana ndi chiphaso cha unzika ndi makaundula amene alipo kale? Nanga obweretsawo akadzapita, adzasamala makinawa ndani, ndi ndalama zochokera kuti? Mafunso amenewa safuna digiri, ndipo akafunsidwa pa nthawi yake, mayi wa ku Kandeu adzalembedwa kamodzi nkupezeka paliponse pamene dzina lake lifunika.